Pepala la M'thumba la Juzi

— Halo?

— Halo, amayi? Ndine Ndapeza. Mukundimva?

— Halo? Ndani kodi?

— Ndapeza, amayi, mwana wanu!

— Aa, Ndape! Dikira kaye ndisunthe, pakhonde pano mawu ako akumveka ngati uli m'chitsime. Ndipite kuseri kwa khola... Eya, tayankhula tsopano.

— Mwadzuka bwanji, amayi?

— Tadzuka, kaya iwe mwana wanga?

— Ine ndadzuka bwino. Ababa adzuka bwanji?

— Adzuka. Alawirira kudimba, akuti akathirire kachewere anzawo asanamalize madzi m'khwawa.

— Nanga amayi aang'ono a Magadalena?

— Ali bwino. Angochoka kumene pano.

— M'mawa uno? Kwagwanji?

— Palibe chagwa. Munthu sangadzaone mkulu wake?

— Ayi, ndimangofunsa. Amalume a Levison mwendo uja uli bwanji?

— Ukupola. Lamulungu anapita kutchalitchi ndi ndodo, pobwerera anaiiwala komweko. Ndiye kuti achira basi.

— Zikomo Ambuye. Kukuzizira kumeneko?

— Usafunse. Chaka chino chisanu chabwera ndi abale ake. Madzi a m'ndowa m'mawa amachita kuluma zala. Nkhungu ndiye mpaka teni koloko, sungaone ngakhale mbuzi yako. Nanga kusukuluko?

— Kuno kuli bwinoko. Koma amayi, ndaona mwafulasha kanayi ndili kosamba, mtima wanga unangoti myuu. Inu simufulasha kanayi. Kuli bwino kumudziko?

— Kuli bwino. Ndimangofuna ndimve mawu ako.

— Mawu okha?

— Mawu okha. Maunitsi uli nawo okwanira?

— Alipo pang'ono. Koma eyiti koloko ndikhale nditafika ku gulupu, lero Lachinayi.

— Ukudya, Ndape?

— Ndikudya.

— Kudya kwenikweni, kapena kungolawa?

— Kudya kwenikweni, amayi. Temwani, mnzanga wa chipinda chimodzi uja, amandiseka kuti ndimadya ngati ndikupita kukagalauza munda.

— Siketi ya buluu ija ikukukwana?

— Siketi? Ikundikwana, mwinanso kuthina kumene. Bwanji?

— Usiku umagona bwino? Sumadzuka zovala zitanyowa ndi thukuta?

— Amayi! Mafunso amenewa mwawatenga kuti? Mukundifunsatu ngati tyuta wathu.

— Tyuta ndiye chiyaninso?

— Dokotala amene amakhala nafe pa gulupu. Ndinakuuzani pa Pasaka paja.

— Unanena, koma sizinalowe. Amalume ako akuti sukulu ya udokotala yanuyo simuphunzitsidwa ayi. Akuti mumangokhala mozungulira tebulo n'kumacheza, ngati msonkhano wa mphakati.

— Amalume sananame kwenikweni. Ku mphakati bambo mfumu sabwera, si choncho? Mumawerenga nokha mawu a tsikulo, aliyense n'kunena zomwe wamvapo. Ifenso ndi choncho, tilipo asanu ndi atatu. Lolemba amatipatsa pepala, palembedwa nkhani ya wodwala mmodzi: akumva chakuti, zinayamba mwakuti. Dzina la matenda salemba. Tipeze tokha.

— Nanga dokotalayo ntchito yake?

— Amakhala pakona. Ukanena kanthu, iwo amangoti, "Wadziwa bwanji?" Ukayankha, "Nanga china chingakhale chiyani?" Timalemba pabolodi, zomwe tikudziwa mbali iyi, zomwe sitikudziwa mbali iyo, kenako aliyense liwiro ku laibulale. Lachinayi ngati lero timakumananso kudzatsutsana.

— Osakuuzani yankho?

— Ngakhale mulire. A Dokotala Kalisto akhoza kukuyang'anani ola lathunthu mukusochera, iwo ali duu, kumangoseweretsa cholembera.

— Ndiye ntchito yabwinotu imeneyo. Bambo ako angaithe, kukhala duu amadziwa.

— Haha! Koma zimalowa m'mutu, amayi. Chinthu ukachivutikira wekha suchiiwala. Tasiyani za ine. Chifuwa chanu chija chili bwanji?

— Za ine zisiye kaye.

— Ayi, nthawi zonse mumatero. Kuyambira Disembala mukutsokomola. Ndakuchondererani kangati kuti mupite pa Boma akakuyezeni? Lero mumati ndi utsi wa kukhitchini, mawa ndi chisanu, mkuja tiyambe takolola...

— Ndati zisiye kaye. Ndili ndi kaphukusi kako. Ndikufuna ndikapereke kwa kondakitala wa basi Lolemba, ndiye undiuze pomwe ukalandirire.

— Kaphukusi ka chiyani?

— Nyemba pang'ono, kachewere, ndi kanthu kena.

— Kanthu kanji?

— Ukaona.

— Halo? Mawu akudukaduka, amayi. Mwati chiyani?

— Ndati ukaona! Netiweki ya kuno imeneyi... Ndape.

— Ndikumva, amayi.

— Ndine mayi ako ine. Usandibisire. Unayamba liti kudwala?

— Kudwala? Ndani?

— Iweyo.

— Ine sindikudwala, amayi.

— Usandinamize, mwana wanga, ndakupempha. Milungu itatu tsopano tulo sindikutiona. Kolona ndapemphera mpaka zala kuchita dzanzi. Bambo ako sindinawauze, ndikuopa BP yawo ija. Ndasenza ndekha.

— Mwasenza chiyani? Wakuuzani ndani kuti ndikudwala?

— Wandiuza ndiwe, ndi dzanja lako lomwe.

— Dzanja langa?

— Juzi yako yofiira ija unaisiya pa Pasaka. Chisanu chitayamba ndinati ndiivale, isangokhala m'sutikesi. Kupisa dzanja m'thumba, pepala. Ndinkayesa ndi la nyimbo za kwaya. Ndili nalo pano, ndaliwerenga mpaka layamba kung'ambika mopindamu. Ndiwerenge?

— Tawerengani.

— "Ndine mkazi wa kwa Kaphuka. Ndakhala ndikutsokomola miyezi inayi. Usiku ndimatuluka thukuta ngakhale kukuzizira. Chakudya sichikundikomera, zovala zayamba kundikulira. Tsiku lina ndinaona magazi m'makhololo. Sindinauze aliyense kunyumba, ndikuopa kuti adzada nkhawa." Zilembozi ndi zako, Ndape. Ndinakuphunzitsa ndine kugwira pensulo, sindingasokoneze.

— Mayo ine! Amayi! Mayo!

— Lira, mwana wanga, lira, koma undiuze.

— Sindikulira ayi! Kaya ndikuseka kaya ndikulira, sindikudziwa. Amayi, khalani pansi. Pali pokhala pamenepo?

— Pali mtondo wakale uja.

— Khalani pamtondopo. Pepalalo ndinalemba ndine, zoona. Koma si kalata ayi. Ndi ntchito ya kusukulu.

— Ntchito ya kusukulu yolemba kuti "ndine"?

— Tamvetserani. Tisanatsekere pa Pasaka, a Dokotala Kalisto anati ulendo uno iwo sabweretsa pepala. Aliyense akayang'ane kwawo, abwere ndi vuto lomwe waliona ndi maso ake. Ndipo anati tisadzangowerenga ayi. Tidzakhale pampando ngati wodwalayo ndife, anzathu azitifunsa m'Chichewa monga momwe adzafunsire kuchipatala. Ena mwa anzangawa anakulira m'tauni, kufunsa munthu wa kumudzi za makhololo lilime limawakanika. Ndiye ine ndinalemba mawu oti ndikaloweze pamtima, ngati sewero la Khirisimasi kutchalitchi. Chaka chija ndinali Elizabeti, kodi ndinali ndi pakati zoona?

— Unaika pilo.

— Eya! Pepalalo ndi pilo basi.

— Iwe usandipusitse poti unapita ku yunivesite. Munthu angapeke zonsezi? Thukuta la usiku, magazi? Zimenezi amazidziwa ndi amene zamuchitikira.

— Pamwamba pa pepalalo pali nambala?

— Dikira... Pali wani, wozunguliridwa.

— Ndiye kuti pali tsamba lachiwiri. Lili kuno, m'fayilo yanga. Musadule, ndilipeze... Temwani, tandipatsako fayilo yobiriwirayo... Nali. Tamverani: "Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Ndili ndi ana anayi, woyamba ali kusukulu kutali. Ndimalima chimanga ndi kachewere. Kuchipatala sindinapite chifukwa ntchito yachuluka, komanso ndi utsi chabe wa kukhitchini." Halo? Amayi? Mulipo?

— Ndilipo.

— Mwamudziwa mayi ameneyu?

— Iwe mwana iwe! Unakandiyala patebulo pa anthu asanu ndi atatu?

— Dzina sindinatchule. Anzanga palibe anadziwa.

— Nanga za magazi unazidziwa bwanji? Sindinauze munthu ine.

— Pa holide ndinkachapa ndine. Kansalu kanu kolavulira kaja munakaiwala m'thumba la diresi, kali ndi magazi.

— Ha! Ine kumati ndabisa.

— Ndinakachapa, ndinakabwezera m'thumba momwemo. Kukufunsani maso ndi maso ndinalephera, ndinadziwa mundiuza kuti mwadziluma lilime. Ndiye ndinabwera nalo kuno vutolo. Anandifunsa mafunso ola lathunthu, ine kumayankha momwe mumayankhira inu. Mnyamata wina, Collins, anati chibayo. Temwani anati mwina mtima. Pofika Lachinayi tonse tinagwirizana kuti mayiyu ayezedwe makhololo msanga, ikhoza kukhala TB. Ine ndili pampando wa wodwala, kumamva anzanga akutchula matenda a mayi anga, osatha kulira poti ndi sewero.

— Mwana wanga...

— Kenako a dokotala anafunsa funso limodzi lokha. Anati, "Chabwino, mwapeza. Nanga mayiyu afika bwanji kuchipatala, poti akukana?" Tinafufuza mabuku onse, mulibe. N'chifukwa chake ndakhala ndikukuvutitsani sabata iliyonse. Ndiye lero ndikupemphaninso, amayi, ndagwira mwendo wanu, pitani pa Bo...

— Ndinapita.

— Mwati?

— Ndati ndinapita kale. Patha milungu iwiri ndi masiku.

— Inuyo? Pa Boma? Kuchipatala?

— Usachite kukuwa, khutu ndi langa ili. Koma sindinapitire ine ayi, ndinapitira iwe. Bambo ako ndinawauza kuti ndikukagula mbewu ya kabichi. Kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka pa Boma, pamzere kuyambira seveni mpaka leveni. Kulowa, ndinapeza dokotala wamkazi, kamtsikana ngati iwe. Ndinamupatsa pepalali, ndati, "Adokotala, ili walemba mwana wanga. Mundiuze akudwala chiyani, mundipatse mankhwala ndimutumizire."

— Mayo, amayi...

— Dikira ndimalize. Ali mkati mowerenga, chifuwa chinandigwira pomwepo, chosaleka chija, mpaka misozi mbwembwembwe. Anasiya kuwerenga. Kundiyang'ana ine, kuyang'ana pepala, kundiyang'ananso ine. Akuti, "Mayi, za mwana wanuyo tikamba. Tayambani mwakwera pasikelo." Kutsika pasikelo, wandipatsa kabotolo, akuti kalavulireni umu. Ine ndati, "Adokotala, wodwala si ine." Akuti, "Ndamva, mayi, koma kalavulireni."

— Mulungu amudalitse dokotala ameneyo! Ndiye zotsatira?

— Ndinabwererako patapita masiku awiri. Akuti ndi TB. Akuti imachizika, miyezi isanu ndi umodzi ndikumwa mankhwala. Bambo ako ndi azing'ono ako anawaitananso kukawayeza, onse alibe. Magadalena ndiye anamusankha kuti azibwera m'mawa uliwonse kudzandiona ndikumeza, n'kumachonga pakhadi.

— N'chifukwa chake angochoka kumene! Ambuye Yesu, zikomo! Mwayamba mankhwala ndithu? Mukumva bwanji m'thupi?

— Thukuta lija lachepa. Dzulo ndinadya mpaka bambo ako anafunsa ngati m'nyumba mwabwera mlendo. Koma mkodzo wafiira ngati dothi la katondo, ndinachita mantha.

— Ndi mankhwalawo amatero, musaope. Koma osandiuza bwanji? Milungu iwiri, ine kuno mtima uli m'mwamba!

— Ndikanakuuza ndi pakamwa pati? Ndinawerenga miyezi inayi ija chobwerera m'mbuyo, ndinafika pa Khirisimasi, pomwe tinkagona chipinda chimodzi alendo atadzaza m'nyumba. Ndinati basi, ndamupatsira ndine. Mwana wabwera wamoyo kudzaona mayi ake, ine ndamuphera tsogolo. Tsopano akubisa kuopa kuti amuchotsa sukulu.

— Koma pa Pasaka munandimva ndikutsokomola ngakhale kamodzi?

— Ndinati umakatsokomolera kuseri kwa bafa, ngati ine.

— Aa, amayi inu! Tamverani. Sewero lija litatha, a Dokotala Kalisto anandiitana pambali. Anati, "Wodwala wakoyu umagona naye nyumba imodzi?" Anali atazindikira, akuti ndinkamuikira kumbuyo kwambiri. Ndinavomera. Tsiku lomwelo ananditumiza kukayezetsa, anandijambula ndi m'chifuwa momwe. Mapapo anga ali mbee. Ndipo ngakhale ndikanadwala, munthu samuchotsa sukulu chifukwa cha TB, amamupatsa mankhwala n'kumaphunzira.

— Unayezetsa ndithu?

— Ndinayezetsa, amayi.

— Ulibe?

— Ndilibe.

— Lumbira.

— Pali Mulungu, amayi, ndilibe.

— Mayi Mariya, zikomo! Zikomo, zikomo... Iii, mwala umene unali pamtima panga, Ndape! Ndimati ndikamva foni ikulira, ndimati basi, ndi a kusukulu, akuti bwerani mudzamutenge. Novena ndinayamba iwiri nthawi imodzi. Amayi a mphakati ndinawapempha kuti azipempherera "munthu wina wake," mpaka ayamba kunong'onezana kuti mwina bambo ako akufuna kukwatira wachiwiri.

— Hahaha! Ababa osadziwa kanthu!

— Osadziwa! Akungodabwa azimayi akuwayang'ana ndi diso lofiira kutchalitchi.

— Mukawauze lero, chonde, asavutike anthu osalakwa. Ine ndikafika ku gulupu ndikawauza a dokotala kuti mayi uja anafika kuchipatala. Ife asanu ndi atatu ndi laibulale yonse tinalephera, koma juzi yakwanitsa.

— Dzina langa usatchule.

— Sinditchula. Koma amayi, dikirani. Kanthu kena kaja m'kaphukusi n'chiyani?

— Aa, zatha zimenezo. Ndingotumiza nyemba.

— Amayi.

— Maunitsi ako akutha, mwana wanga.

— Athe. Kanthu kanji?

— Mapiritsi.

— Mapiritsi a chiyani?

— Anga omwewa. Dokotala uja anakana kundipatsa ako. Anati mwanayo akayezetse komwe aliko, mankhwala sapereka kwa munthu amene sanamuone. Ine ndinati akufuna dzina lako lilowe m'mabuku, a kusukulu amve. Ndiye ndinaganiza ndekha. Amandipatsa atatu m'mawa uliwonse. Mwana wanga akudwala matenda omwewa, mankhwala ali m'manja mwanga, ndimeze onse ndekha? Ndimameza awiri, limodzi ndimakusungira.

— Mayo! Kuyambira liti?

— Lamulungu. Ndi lalero akwana asanu.

— Nanga amayi aang'ono sakuona?

— Magadalena maso ake amakhala pakhadi, kufunafuna pochonga. Ine limodzi ndimalipana pakati pa zala, kapu n'kubisa.

— Amayi, amayi, amayi! Mukudziwa chomwe mwachita?

— Usandikalipire, ndimachitira iwe.

— Ndikudziwa, n'chifukwa chake misozi ikutuluka. Koma tamverani bwino. Sikelo ija anakukwezani kuti adziwe mapiritsi okwana thupi lanu. Atatuwo si oti ena ndi apadera ayi. Kudimba mukasungunula mankhwala opopera ndi madzi ambiri kuti akwane munda wonse, chimachitika n'chiyani?

— Chiwawu chimabwerera, chokwiya kuposa poyamba.

— Ndi TB chimodzimodzi. Mukamamwa operewera, tizilombo tina sitifa, timawazolowera mankhwalawo. Kenako ngakhale mumwe onse sagwiranso ntchito, muyambe ena ovuta, a nthawi yaitali.

— Ndiye kuti ndadziwononga?

— Ayi, musachite mantha. Masiku asanu si ambiri, mwachita bwino kuulula lero. Mukanafika nazo mwezi, bwenzi tikukamba zina. Koma mawa m'mawa mupite pa Boma ndi mapiritsi mwasungawo, mukamuuze dokotala uja zonse, osabisa kanthu. Iye ndiye adziwa chochita.

— Akandikalipira.

— Akukalipireni, ndikanakhala ine ndikanaposa. Mutenge ndi pepalalo, mukamuuze kuti tsamba lachiwiri lapezeka. Ndipo amayi aang'ono ndiwaimbira masana, kuyambira mawa aziyang'ana m'manja mwanu, osati pakhadi.

— Iii, Magadalena akamva zimenezi, mudzi wonse umva.

— Umve. Lalero lili kuti?

— Lili pano, ndamanga pamfundo ya chitenje.

— Masulani, mumeze pompano ine ndikumva.

— Madzi palibe pano.

— Ndowa ya pakhola ija?

— Ndi ya nkhumba imeneyo, iwe! Dikira, pathandala pali kapu ndi chigubu... Ndikuyenda, usadule... Halo? Ukundimvabe?

— Ndikukumvani, fulumirani, foni yandichenjeza kale kuti yatsala mphindi imodzi ndi theka.

— Ndatunga. Koma uyambe iwe.

— Ndiyambe chiyani?

— Ika foni pakamwa, upume kwambiri ndimve.

— Amayi, pafoni simungamve kanthu, zimafuna chipangizo chake...

— Udokotala wako ndi wa kumeneko. Chifuwa chako ndinayamba kuchimvetsera ndine uli wakhanda. Puma.

— Chabwino. Hhhhh... haaaa.

— Kachiwiri. Pang'onopang'ono.

— Hhhhhh... haaaaa.

— Mulibe kanthu. Muli mbee ndithu, mulibe ngakhale kaphokoso. Mwana wanga ali bwino... ali bwino mwana wanga...

— Musalire, amayi, mutsamwa. Mezani tsopano. Temwani, ndikubwera, tsogola! Amayi? Halo?

— Mmm... Ndameza.

— Zoona?

— Ukufuna ndikuyasamulire pafoni? Ndameza, mpaka landikanda pakhosi.

— Mawa angati?

— Atatu.

— Mkuja?

— Atatu, Ndape. Ndilibenso wogawana naye, onse ndi anga. Thamanga, wachedwa.

— Mupereke moni kwa ababa! Mawa mukatuluka kuchipatala mufulashe, kamodzi kokha, osati kana...